Liwu Lobisa Mpeni

Pali liwu lina la Chingerezi limene ndakhala nalo pa udani kwa zaka zingapo tsopano. Ndi kaliwu kakafupi, ka malembo anayi okha, koti ngakhale mwana wa sitandade 5 angakatchule osapunthwa lilime. Liwulo ndi "cull". Mukatsegula mtanthauziramawu wa masiku ano mupeza kuti limatanthauza kuchepetsa chiwerengero cha nyama popha zina mwa izo. Koma mukalifukula mpaka kumizu mudabwa kuona kuti kumene lidabadwira kudalibe mfuti, kudalibe mpeni ngakhale dontho la magazi. Lidabadwira m'munda wa maluwa. Mlandu wanga uli pa ulendo umene liwuli lidayenda kuchoka pa duwa kukafika pa mtembo, komanso uli pa ife alembi ndi omasulira amene tayamba kulisulira mbale wake m'Chichewa.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, kuopa kuti wina angati ndikuloza ena chala pamene manja anga ali bii. Ine ndimagwira ntchito ya boma, mu ofesi ya zolembalemba, ndipo popeza anzanga amadziwa kuti madzulo ndimakonda kulemba tinkhani tanga, chikalata chilichonse chofuna kumasuliridwa amachiponya pa tebulo panga. Chaka china, m'dera limene ndinkagwirako ntchito nthawi imeneyo mudabuka chigodola cha nkhumba. Amene adawetako nkhumba akudziwa kuopsa kwa nthendayi. Ilibe mankhwala ochiza, ndipo ikalowa m'khola imatha kupulula pafupifupi nkhumba zonse m'masiku owerengeka. Munthu siimugwira, koma munthu yemweyo ndiye amainyamula: m'nyama yogula pamsika, m'zotsala za chakudya, kunsi kwa nsapato, ngakhale pa dengu lomangirira pa njinga.

Kudabwera chikalata cha tsamba limodzi, cha m'Chingerezi, choti chimasuliridwe kuti mafumu akachiwerengere anthu awo. Pakati pake padali chiganizo chonena kuti nkhumba za m'makola okhudzidwa zichitidwe "cull". Ine ndidalemba momwe ndidamvera: "Nkhumba zonse za m'makola momwe mwapezeka matendawa ziphedwa ndi kukwiriridwa." Bwana wanga atawerenga adandiitana.

"Achimwene, mwalemba chiyani apa? Mukufuna anthu atigende? Wolemba chikalatachi sadanene kuti kupha. Pezani mawu ofatsa."

"Nanga bwana, nkhumbazo akazitani?"

"Zimenezo akaziona ndi alangizi a ziweto. Ife kwathu ndi kulemba mwaulemu."

Adatenga cholembera chofiira, nakhwatcha chiganizo changa, pamwamba pake nalemba kuti "chiwerengero cha nkhumba m'makola okhudzidwa chichepetsedwa". Ine ndidati chabwino bwana, ndikukatayipa. Palibe adandiopseza, palibe adati ndichotsedwa ntchito. Ndidangoona kuti kukangana ndi bwana chifukwa cha liwu limodzi ndi kudziputira zosafunika.

Anthu a kumudzi si opusa. Adamva Chichewa chimene tidawalembera, ndipo adachimvera ndendende. Munthu wa nkhumba zisanu ndi imodzi atamva kuti chiwerengero chichepa adawerengera kuti boma likabwera litenga zingapo ndi kumusiyira zina. Ena adaganiza zochepetsa okha boma lisanafike. Usiku nkhumba zidakwera njinga kupita kwa achibale a kutsidya kwa mtsinje, zina zidagulitsidwa motchipa kwa ootcha kanyenya, ndipo nthenda imene timafuna kuitsekera m'makola ochepa idapeza miyendo. Tsiku lakupha litafika ndidapita nawo monga mlembi. Pa khomo lina tidapeza mayi wamasiye, wamsinkhu wa amayi anga, amene ankadalira nkhumba zake pa fizi ya adzukulu. Ataona kuti anyamata akutulutsa zonse, mpaka timapunda toyamwa, adandiyang'ana ine wonyamula faelo nati: "Mwana wanga, kalata ija inkati kuchepetsa. Kodi kwanuko kuchepetsa ndi kumaliza?" Ndidalibe yankho. Ndidayang'ana pansi ngati mkamwini wogwidwa akutsegula mphika.

Usiku umenewo ndi umene ndidayamba kufufuza mbiri ya liwuli, kufuna kudziwa kuti kodi ndi mdani wa mtundu wanji amene adandinamiza chotere.

Gwero lake ndi Chilatini, chiyankhulo cha Aroma. Iwo adali ndi mneni "legere", wotanthauza kutola kapena kusankha. Akaphatikizako kachiyambi kotanthauza "pamodzi" ankapeza "colligere", kutolera pamodzi, kusonkhanitsa. Chilatini chitasweka ndi kubala ziyankhulo zina, ku France liwuli lidapereseka m'kamwa mwa anthu mpaka kukhala "coillir" kapena "cuillir". Mpaka lero Mfalansa akamathyola zipatso kapena maluwa amagwiritsa ntchito mdzukulu wa liwu lomweli, "cueillir". M'chaka cha 1066 Anomani, oyankhula Chifalansa, adagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo mawu a Chifalansa adasefukira m'Chingerezi. Pofika zaka za m'ma 1300 liwu lathuli lidali litakhazikika kumeneko, likutanthauza kusankha chabwino pakati pa zambiri. Munthu ankatha kuchita "cull" maluwa okongola m'munda, kapena mawu anzeru m'mabuku. Amene adawerengako sewero la Shakespeare la Romeo ndi Juliet akakumbukire wogulitsa mankhwala wosauka uja wa ku Mantua: pofotokoza momwe ankatolera zitsamba zake, liwu limene lidagwiritsidwa ntchito ndi lomweli.

Ndipo pano pali chinthu choti alembi anzanga achimvetse. Mneni uja "legere" ankatanthauzanso kuwerenga, pakuti wowerenga amachita ngati akutola malembo ndi maso, limodzilimodzi. Mbale wake m'Chigiriki ndi "legein". Agiriki akaphatikiza liwu limeneli ndi "anthos", kutanthauza duwa, ankapeza dzina la mtolo wa maluwa osankhidwa, limene lidabala liwu la Chingerezi loti "anthology". Buku muli kuwerengali ndi limenelo. Akonzi ake adalandira zolemba zambiri, nasankha zimene zidawakomera, nazimanga mtolo umodzi. Ndiye kuti buku lino ndi liwu lophera nkhumba za mayi uja ndi ana a mbumba imodzi.

Nanga zidatheka bwanji kuti liwu la wothyola maluwa likapezeke m'manja mwa wonyamula mfuti? Yankho lili m'khola la nkhosa. Mayi aliyense wopeta amadziwa kuti lichero limagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: likasunga mphale ndiye kuti lataya gaga. Alimi a ku England akamasankha nkhosa zoti zibereke ankapatulanso zokalamba, zopunduka ndi zosabereka. Pang'ono ndi pang'ono diso la liwuli lidachoka pa chosungidwa kupita pa chotayidwa, mwakuti nkhosa yokanidwayo ndiyo idayamba kutchedwa "cull". Tsono nkhosa yokanidwa ilibe kwina kolowera koposa kwa wogulitsa nyama. Pofika zaka za m'ma 1900 ulendo udatha: liwu lidayamba kutanthauza kupha nyama mwadongosolo pofuna kuchepetsa kuchuluka kwake. Dzanja ndi lomwe lija losankha, koma kale kusankhidwa udali mwayi, pamene lero wosankhidwa ndi amene satulukira dzuwa.

Wina anena kuti palibe chachilendo apa, mawu amasintha matanthauzo m'ziyankhulo zonse. Zoona. Chingerezi chomwecho chili ndi liwu lina la ntchito yofananayo, "decimate", lochokera ku "decem", khumi. Asilikali a Chiroma akathawa nkhondo kapena kugalukira, ankawagawa m'magulu a anthu khumikhumi, nachita maere, ndipo amene maere amugwera ankaphedwa ndi anzake asanu ndi anayi. Marcus Crassus adalanga asilikali ake motere pa nkhondo yolimbana ndi akapolo a Spartacus, imene idatha m'chaka cha 71 Yesu asanabadwe. Liwu limenelo nalonso lasintha, pakuti lero limangotanthauza kusakaza kwakukulu, popanda wowerengera za mmodzi mwa khumi. Komabe silidanamizepo munthu. Lidabadwa ndi magazi ndipo likununkhabe magazi. Vuto la "cull" ndi lakuti posintha ntchito silidasinthe zovala. Likugwira ntchito ya wopha nyama litavalabe chipewa cha wosamala maluwa. Wolimva amaona m'maganizo mwake katswiri wodekha, wodziwa chimene akuchita, wochotsa choipa kuti chabwino chikule. Kulira kwa nkhumba sakumva, ndipo dzenje lokwiriramo saliona.

Kuti muone kukula kwa zimene kaliwu aka kamatha kufundika, tiyeni tipite kwa eni ake. M'chaka cha 2001 ku Britain kudabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto. Malo amene matendawa adatsimikizika adali opitirira pang'ono 2,000, koma ziweto zimene zidaphedwa zidaposa 6 miliyoni, chifukwa lamulo lidali loti ziphedwenso ziweto za m'mafamu oyandikana, ngakhale zisanaonetse chizindikiro chilichonse. Mitembo ya ng'ombe ndi nkhosa idaunjikidwa milumilu ndi kutenthedwa, utsi wake nkuphimba midzi. Zonsezi zidakwana m'malembo anayi aja.

Ku South Africa, m'nkhalango ya Kruger, kuyambira 1967 mpaka 1994 adawombera njovu zoposa 14,000 pofuna kuti zisachuluke kuposa mlingo umene akatswiri adaika. Ankapha banja lonse nthawi imodzi, koma kawirikawiri ana aang'ono ankawasiya amoyo ndi kuwasamutsira kwina. Ena mwa ana amasiyewa adakakulira ku Pilanesberg kopanda njovu zikuluzikulu zowalanga. Atakula, m'zaka za m'ma 1990, amphongo ake adalusa nayamba kupha zipembere, makumi angapo. Misalayo idazirala pamene oyang'anira adabweretsa njovu zamphongo zikuluzikulu kuchokera ku Kruger komweko. Pa pepala padalembedwa kuti chiwerengero chatsika. Zoti pathyoka mudzi wokhala ndi agogo, amayi ndi mwambo wake, liwu lija lidalibe malo ozisungira.

Pano ndiyenera kunena mosapsatira, kuti ndisamveke molakwa. Ine sindikuti nyama zisamaphedwe. Nkhumba za mayi uja zidayenera kufa. Zikadasiyidwa zikadafabe, ndi kutenga za anansi ake. Sindidzaimanso pa chulu kudzudzula dziko la Namibia limene m'chaka cha 2024, chilala chitavuta, lidalengeza zopha nyama zakutchire 723, kuphatikizapo njovu 83, kuti nyama yake idyetse anthu, kapena Zimbabwe imene chaka chomwecho idalengeza zopha njovu 200. Amene sadagonepo m'munda kuimba zitini pothamangitsa njovu asafulumire kuweruza. Kwathu kuno tidasankha njira yosamutsa: m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidachotsedwa ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zidachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Njira imeneyonso ili ndi misozi yake, pakuti anthu ozungulira nkhalango ya Kasungu, kuno ndi ku Zambia komwe, adandaula za minda yowonongedwa ndi abale ophedwa ndi njovu. Pa nkhani zotere palibe njira yopanda minga. Ndiye chifukwa chake mawu ake ayenera kukhala oonekera. Chigamulo chowawa chimafuna kuti wochipereka amve kuwawako m'kamwa mwake pochitchula. Mukamupatsa liwu lozuna, mawa adzagamula zazikulu osagunda mtima.

Ndipo mpeni ukazolowera kubisika sukhalitsa m'khola. Nyuzipepala za ku Britain zimagwiritsa ntchito liwu lomweli kampani ikamachotsa antchito ambiri nthawi imodzi, ngati kuti bambo wa ana anayi ndi nkhosa yothothoka mano. Ife a m'maofesi kuno tili ndi katchulidwe kathu, "kuchepetsa chiwerengero cha ogwira ntchito", ndipo ambiri a msinkhu wanga tikukumbukira makolo athu akubwera kunyumba masana ndi kalata m'thumba, m'zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa. Koma liwuli lidafika pachimake m'mwezi wa March 2020, mliri wa Covid-19 ukuyamba kumene. Mlembi wa nkhani za chuma mu nyuzipepala ya Daily Telegraph, Jeremy Warner, adalemba kuti poyang'ana ndi diso la chuma lokha, mliriwu ukhoza kudzapindulitsako pang'ono m'tsogolo chifukwa udzachita "cull" makamaka okalamba odalira ena. Anthu adakwiya, ndipo adayenera kukwiya. Koma yesani kuchimasulira chiganizocho m'Chichewa chenicheni: chuma chidzayenda bwino agogo akafa ambiri. Ndani angalembe zimenezo ndi kusainira dzina lake? Sindikhulupirira kuti mkuluyo adali mfiti yofunira makolo a anzake imfa. Liwu ndilo lidamunyamula, kumuwolotsa mtsinje umene sakadauwoloka ndi miyendo yake.

Mbiri ikutiuza kumene njira yotere imakathera anthu oipa akaitulukira. Ku Auschwitz, kumene kudafera anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, ambiri mwa iwo Ayuda, sitima ikafika madokotala a chipani cha Nazi ankaima pambali pa njanji ndi kuloza uyu kuno, uyo uko. Amphamvu ankapita kukagwira ntchito. Okalamba, odwala, ana ndi amayi a makanda ankapita kukaphedwa ndi mpweya wa poizoni. Mchitidwewo ankautcha "Selektion", kusankha, liwu lochokera ku muzu womwe uja wa "legere". Ku Rwanda mu 1994 opha anzawo ankati akupita ku ntchito. Sindikuyerekeza bwana wanga wa cholembera chofiira ndi anthu amenewa, Mulungu andikhululukire. Ndikungoti chida chake ndi chimodzi. Munthu asanachite chinthu chimene mtima wake ukukana, amayamba wachipezera dzina limene mtimawo ungalole.

Tsopano ndifike pa mtsutso umene ndimaulemekeza, umene mnzanga wina, mphunzitsi wa Chichewa, adandiponyera. Iye adati: "Achimwene, inu mukufuna kutiphunzitsa mwano. Chichewa ndi chiyankhulo chaulemu. Ife sitinena kuti mfumu yafa. Timati gogo chalo wagona, timati atisiya, timati atsikira kuli chete. Ngakhale muuni wa maliro amayamba ndi kunena kuti matenda akula. Bwanji mukudana ndi Mzungu pochita zomwe ife timachita tsiku ndi tsiku?"

Funso labwino, ndipo yankho lake ndi limene lili phata la nkhani yanga. Pofewetsa mawu tiyenera kufunsa kuti amene akutetezedwa ndani. Tikamati atisiya timateteza namfedwa, kuti uthenga usamugwetse. Palibe amene amanamizidwa. Mudzi wonse umadziwa kuti mawa adzukulu akumba manda. Koma tikalemba kuti chiwerengero chichepetsedwa timateteza wochitayo, kuti asafunsidwe mafunso, ndipo wozunzika ndiye amatsala mumdima. Koyambako ndi chifundo. Kwachiwiriko ndi mantha ovala jekete la ulemu. Ndipo ife Amalawi sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa kusiyana kwake. M'mwezi wa May 1983 dziko lidauzidwa kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, zafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Padatenga zaka zoposa khumi kuti bungwe lofufuza linene poyera kuti anthuwa adachita kuphedwa. Mtundu umene udadutsa m'zimenezo uyenera kutsokomola ukamva boma likuzungulira liwu loti kupha.

Chondipweteka kwambiri ndi chakuti Chichewa chidalibe vuto limeneli mpaka ife ophunzira titalibweretsa. Taonani momwe makolo adagawira ntchito za manja. Nkhwani timathyola. Bowa timazula. Uchi timafula. Chimanga chikamera chothinana timapatulira. Nkhuku timazinga, gwape timalasa, mbewa timakumba, ndipo nthenda ikamaliza khola timati yapulula. Mneni uliwonse umakuonetsa dzanja, chida ndi chogwidwacho. Palibe mneni wa Chichewa umene ungautume kudimba ndi kokaphera nyama osasintha nkhope. Mnzanga wina wa mu ofesi adati tikadalemba kuti "nkhumba zipatuliridwa", ati ndiye Chichewa chokoma. Ndidamuuza kuti pamenepo ndiye tikadabereka "cull" wathuwathu, wobadwira m'munda ngati mnzake uja. Wopatulira amazula mbande yofooka kuti inzake ikule, ndipo mbandeyo ilibe mwini woilira. Tsiku limene liwu limeneli lidzaloledwa kulowa m'khola, dziwani kuti posakhalitsa lidzagogoda pa chipata cha fakitale, kenako pa khomo la chipatala.

Liwu loti chiwerengero nalonso ndi lofunika kuliyang'anitsitsa. Monga Aroma adamanga kutola ndi kuwerenga m'liwu limodzi, ifenso tidamanga ntchito ziwiri m'mneni woti kuwerenga: timawerenga buku, timawerenganso mbuzi. Mlembi wa boma amakhala pakati pa ziwirizi, ndipo chiyeso chake cha tsiku ndi tsiku ndi kusandutsa nkhani kukhala nambala. Nambala siilira. Ukachotsa sikisi pa handiredi palibe amene amakutukwana. Mayi uja sankaweta chiwerengero. Ankaweta nkhumba yaikazi yamawangamawanga imene idabereka kasanu, imene ana ake adagula yunifolomu ndi malata awiri a pakhonde. Ife tidamulembera za masamu.

Mtengo wa chinyengo chotere sulipiridwa tsiku lomwelo lokha. Mlandu suola. Katemera wa Covid-19 atafika mu 2021, mphekesera imene idazungulira m'maminibasi, m'misika ndi pa WhatsApp idali yoti akufuna kuchepetsa chiwerengero cha anthu. Lidali bodza, ndipo lidawononga. Katemerayo adapulumutsa miyoyo yambiri padziko lapansi. M'mwezi wa May chaka chomwecho dziko lathu lidatentha katemera 19,610 amene adatha mphamvu asanabayidwe, mwa zina chifukwa adafika atatsala ndi masabata ochepa, mwa zina chifukwa anthu ankazengereza. Ambiri a ife ophunzira tidaseka umbuli wa anthu akumudzi. Ine sindidaseke. Mawu a mphekeserayo ndidawazindikira, pakuti adali omwe aja ndidatayipa ndi zala zanga. Sindikunena kuti kalata yanga ndiyo idabala mphekeserayo. Koma munthu amene adaphunzira pa khola lake kuti a boma akati kuchepetsa amatanthauza kupha, mudzamuuza chiyani tsiku limene mukunenadi zoona? Mbuzi ikalawa chikwapu imathawa ndi mthunzi wa dzanja.

Bwana wanga ankaopa kuti anthu atigenda. Mwina akadatigendadi. Koma munthu wouzidwa zoona amakwiya, nafunsa mafunso oyenera: muzipha liti, ndani adzazipha, mutipatsa chipepeso chanji, tidzayambenso liti kuweta? Mafunso amenewa ndi amene ofesi iliyonse imawaopa, chifukwa amafuna mayankho ndi ndalama. Liwu lofewa limagwira ntchito yowatsekereza asanabadwe. Mukanena kuti mupha nkhumba za munthu, mwavomera kuti mwamulanda kanthu, ndipo muli naye ngongole, ngakhale ya kupepesa kokha. Mukanena kuti muchepetsa chiwerengero, mwangokonza kaundula.

Choncho pempho langa likupita kwa alembi anzanga, kwa atolankhani a m'zipinda zomasulira nkhani za pa wailesi, ndi kwa aliyense amene bwana amamuponyera chikalata kuti achitembenuzire m'chiyankhulo cha anthu. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Womasulira ndi kandimverere wa mtundu wonse: anthu mamiliyoni amene sadzawerenga chikalata cha Chingerezi amamva ndi makutu athu. Tikakumana ndi liwu ili, kapena lina lililonse la mtundu wake, tisafunse kuti kodi liwu la Chichewa lofatsa chimodzimodzi ndi liti. Tifunse kuti kodi pamalopo pakachitika chiyani, ndipo tilembe chimenecho. Ngati nkhuku zikazingidwa, tilembe kuti zikazingidwa. Ngati njovu zikawomberedwa, tilembe kuti zikawomberedwa, titchule ndi kuchuluka kwake ndi chifukwa chake. Ngati anthu akachotsedwa ntchito, tilembe kuti akachotsedwa ntchito. Ulemu tiuike m'malonje, m'kufotokoza zifukwa ndi m'kupepesa. Pa mneni pokhapo tisapagulitse.

Kukana kumasulira chinyengo si kusadziwa Chingerezi. Kukhulupirika kwa womasulira kuli kwa womvera, amene ndi mwini nkhumba. Azungu eni ake ena amadandaula nalo liwuli, koma lidamera kale mizu m'chiyankhulo chawo ndipo kulizula nkovuta. Ife tili ndi mwayi woti kwathu lidakali pa chipata, likupempha malo. Tisalipatse mphasa.

Mayi uja sindidakumane nayenso, ndipo sindidamupepese, chifukwa tsiku lija ndidalibe mawu, ngakhale kuti mawu ndiyo ntchito yanga. Zikalata zimabwerabe pa tebulo panga. Mwezi wathawu kudabwera china chokhudza agalu oyendayenda m'tauni, chili ndi kaliwu komwe kaja pa mzere wachitatu. Ndidalemba kuti agalu opanda mwini adzawomberedwa kuyambira tsiku lakuti, ndipo amene ali ndi galu amumangirire. Bwana amene ndili naye tsopano adawerenga, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati mawuwo ndi olemera. Ndidayankha kuti inde bwana, ndi olemera, chifukwa ndi mmene chilili chipolopolo. Adakhala chete kanthawi, kenako adasaina.